Ankati ndi chinzonono, koma linali likodzo

Make Tamanda (Ngabu)
Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndati ndiitule pano poti pagulu pano pali anamwino ndi aphunzitsi. Mng'ono wanga wokwatiwa cha kwa Tengani wakhala akuvutika chaka chachitatu tsopano: pachinena kuwawa, kumusi kuyabwa, ndipo akakhala malo amodzi ndi bambo akunyumba amaona timagazi. Anapita katatu kuchipatala china, dzina ndisatchule, katatu konseko anamuuza kuti ndi matenda opatsirana pogonana. Jakisoni, makapisozi, ndi kapepala koti akapatse mwamuna wake kuti nayenso abwere. Kapepala kameneko ndi kamene kanabutsa moto. Alamu anga anati iwo sanazembepo, ndiye matendawo wawatola kuti? Mwana anabwerera kwathu katundu ali pamutu, anakhala miyezi iwiri, ankhoswe kuyenda mpaka nsapato kutha.

Mwezi wathawu anakumana ndi dokotala wina wachitsikana amene asanalembe kalikonse anamufunsa kuti, “Mumachapa kuti? Nanga kusamba?” Atamva kuti ndi kumtsinje anamuyeza mkodzo, n'kupeza mazira a likodzo. Anamupatsa mapiritsi anayi akuluakulu aja. Ndiye ndikufunsa: likodzo limafika mpaka kuchiberekero? Ine ndimadziwa kuti ndi matenda a anyamata okodza magazi.

Bambo a Yamikani (Nchalo)
Pepani kwambiri amayi. Koma nanenso ndadabwa. Ife tikukula kwa Makhuwira, mnyamata akayamba kukodza magazi tinkati wakula, mpaka tinkapikisana kuseri kwa sukulu kuti wofiira kwambiri ndani kkkk. Atsikana sindinawamvepo akudandaula.

Nachisale (Bangula)
Mukanamva bwanji inu? Mtsikana akaona magazi amathamangira kwa azakhali ake kukalangizidwa, sapita kuseri kwa sukulu kukaonetsa anzake. Ambiri timangoti msambo wasokonekera, kapena ndi mauka, n'kukafuna mankhwala achikuda.

Namwino Wopuma (East Bank)
Make Tamanda, limafika ndithu, ndipo mng'ono wanuyo sali yekha. Ndiyambe ndi kuulula. Kusukulu ya unamwino ife tinaphunzira likodzo ngati nthenda ya chikhodzodzo basi. Alipo amayi amene ndinawabaya jakisoni wa chinzonono, n'kubweranso patatha miyezi itatu ndi vuto lomwelo, ine n'kumawakalipira kuti sanabwere ndi amuna awo. Lero ndikawakumbuka mtima umandipweteka.

Zimayenda chonchi. Wodwala akakodza m'madzi, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono za m'madzi. Osati zikuluzikulu za kumunda zija ayi, ndi ting'onoting'ono ngati njere ya chimanga, timene timamatirira kunsi kwa masamba a nyika ndi pa mabango. Pakatha milungu ingapo nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaboola khungu. Sipafunika kumwa madziwo. Kungoima m'menemo ukuchapa, basi zatheka. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi, yaimuna ndi yaikazi, zokhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo zimakhalamo zaka zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Tsono mitsempha imeneyo ndi yolumikizana ndi ya ziwalo zoberekera. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, ena amakodwa pa khomo la chiberekero, m'njira ya abambo, ngakhale m'timachubu todutsa mazira a mayi. Thupi likamalimbana nawo pamachita timabala, ndipo ukaunika pamaoneka ngati wina wawazapo mchenga wachikasu. Kuyabwa, kupweteka ndi timagazi zimachokera pamenepo. Ena mimba imakhala panjira, ena sabereka n'komwe.

Achipatala amaitchula kuti FGS, kutanthauza likodzo la m'ziwalo zoberekera za amayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni kuno ku Africa ali nayo. Ndipo kafukufuku amene anachitika ku Zimbabwe n'kutuluka mu 2006 anapeza kuti chiopsezo chopezeka ndi kachilombo ka HIV chinali chokwera pafupifupi katatu mwa amayi okhala ndi timabala timeneti poyerekeza ndi anzawo opanda timabala. N'zomveka, pabala ndi pakhomo potsegula.

Make Tamanda (Ngabu)
Mayo ine. Ndiye mwana wamayi anga anatukwanidwa uhule chifukwa chochapa zovala za mwamuna yemweyo?

Nachisale (Bangula)
Ndendende. Malaya anayera, dzina n'kuda.

Mlangizi wa Zaumoyo (Nsanje)
Zikomo anamwino, mwafotokoza bwino kuposa momwe timafotokozera ife pasikelo. Ndiwonjezere za kwathu konkuno, anthu asaganize kuti ndi za ku Zimbabwe zokha. Mu 2014 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Chikwawa, pomwe anayeza amayi pamodzi ndi ana awo osayamba sukulu. Pafupifupi theka la amayiwo anapezeka ndi likodzo, ndipo ngakhale tiana timene sitinayambe kusambira tokha tinapezeka nalo. Mwana ameneyo walitenga kuti? Mayi ake amamukhazika m'beseni la madzi a kumtsinje, kapena pamadzi osaya m'mbali, iwo ali kalikiliki kuchapa.

Vuto lili apa: mankhwala a praziquantel ife timagawa kwambiri m'sukulu. Mwana amaima pa ndodo yoyezera msinkhu ija, timawerenga mapiritsi, amamwa. Nanga mtsikana amene anasiyira sitandade 5 n'kukwatiwa? Nanga mayi ake? Amene amakhala m'madzi nthawi yaitali ndi amene satipeza pamzere.

Chachiwiri, zaka zaposachedwapa akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi anzawo a ku Liverpool School of Tropical Medicine akhala akuchita kafukufuku wotchedwa HUGS m'mudzi wa Mthawira konkuno ku Nsanje ndi wa Samama ku Mangochi. Zomwe apeza n'zakuti likodzo la anthu likumakwatirana ndi likodzo la ng'ombe, n'kubereka mtundu wosakanikirana, ndipo mazira a mtundu wa ziwetowo akupezekanso mwa anthu.

Bambo a Yamikani (Nchalo)
Iii a zaumoyo, ng'ombe zathu zalakwanjinso? Kuchigwa kuno chuma chathu ndi chimenechi.

Mlangizi wa Zaumoyo (Nsanje)
Sizinalakwe bambo. Kungoti pamene ng'ombe zikumwera ndi pomwe amayi akuchapira ndi pomwenso ana akusambira. Dooko ndi limodzi. Ukachiza anthu okha, nkhono zili pomwepo, ziweto zili pomwepo.

Mbuya wa ku Marka
Takhuta a zaumoyo. Koma ine ndili ndi langa. Anthu akafukufukuwa tawaona kuyambira kalekale. Amabwera ndi galimoto zoyera, kutenga mkodzo, kutenga magazi, kutipatsa sopo ndi Fanta, n'kupita. Zotsatira zake amakawerengerana ku Blantyre ndi ku Ulaya. Ine zoti likodzo la ng'ombe lili kwa Mthawira ndikumvera pafoni lero, pomwe ndi boma lomwe lino. Mukadabwa bwanji anthu akamayambitsa mphekesera? Mwaiwala za anamapopa mu 2017, momwe anthu osalakwa anaphedwera? Munthu ukamutenga magazi osabwerera kudzamuuza chomwe wapeza, iye amapeka yekha yankho.

Aphunzitsi (Makhanga)
Mbuya, pamenepo mwalasa. Koma ndisiyane nanu pang'ono, chifukwa pali kafukufuku wina amene ine anandiphunzitsa kulemekeza anthu amenewa. Mukukumbuka mbaula zokhala ndi kafani ndi kasola zimene zinagawidwa m'midzi ya ku Chikwawa zaka zingapo zapitazo? Unali kafukufuku wotchedwa CAPS, ndipo anachitikanso ku Chilumba m'boma la Karonga. Ana opitirira 10,000 anatsatiridwa kwa zaka ziwiri. Aliyense ankayembekeza kuti utsi ukachepa m'khitchini, chibayo mwa ana chichepa. Zotsatira zitatuluka, chibayo sichinachepe. Anthu amenewo anali atawononga ndalama zankhaninkhani, koma analemba poyera kuti zomwe timaganiza zija sizinatheke. Ana opsa ndi moto ndi amene anachepako.

Bwanji sizinatheke? Ife a kumudzi tikanawauza. Mwana sapuma utsi wa mbaula yokha. Pali zinyalala zotenthedwa kuseri kwa nyumba, moto wa a neba, utsi wothamangitsira udzudzu madzulo. Komanso mbaula ikawonongeka mayi amabwerera pa mafuwa, ndipo nyemba ndi nsima ya anthu khumi saphika pa kambaula kamodzi. Koma popanda kafukufukuyo bwenzi mpaka lero tikuuzidwa kuti mbaula payokha ndi mankhwala a chibayo.

Mbuya wa ku Marka
Ndiye zimenezo anadzawauza eni midzi, kapena mwaziwerenga inu odziwa Chingerezi?

Aphunzitsi (Makhanga)
Kkkk mbuya simugonja. Ine ndinaziwerenga, ndivomere.

Namwino Wopuma (East Bank)
Mbuya akunena zoona, ndipo ufulu umenewo tili nawo. Akabwera akafukufuku, amfumu ndi komiti ya zaumoyo azifunsa tsiku loyamba lomwelo: mudzabwera liti kudzatiuza zomwe mwapeza, ndipo amene mwamupeza ndi nthenda mumuthandiza bwanji? Koma tisaiwalenso zomwe zinatipindulira. Ndani pano wazaka zanga amene sakumbukira agogo aakazi okhala ndi kachitsulo kozulira nsidze, chifukwa zikope zinapindikira mkati n'kumakanda diso? Inali trachoma imeneyo, ndipo Chikwawa ndi Nsanje anali m'gulu la maboma ovutika nayo. Anawerenga odwala mudzi ndi mudzi, anagawa mankhwala, anachita maopaleshoni, ndipo mu 2022 WHO inalengeza kuti Malawi wathana nayo, dziko loyamba kumwera kwa Africa kuno. Katemera wa malungo nayenso, pamene ankayamba mu Epulo 2019, maboma athu awiriwa anali mwa maboma 11 oyambirira.

Nachisale (Bangula)
Chabwino, koma tibwerere kumadzi, chifukwa ndikuona kuti posachedwa wina alemba kuti “amayi asiye kupita kumtsinje.” Amene alembe zimenezo abwere kaye kwathu. Mjigo tili nawo, inde. Madzi ake ndi amchere. Ukaphikira nyemba sizipsa msanga, tiyi amakoma ngati mankhwala, ndipo sopo sachita thovu, umangomaliza mtanda wonse pa zitenje zitatu. Winawo wa madzi abwino uli kutali, mzere wa zigubu umayamba 4 koloko m'mawa. Dzuwa la kuno mukulidziwa, mu Okutobala limapitirira madigiri 40. Ubereke mwana, usenze ndowa, upite kawiri katatu kuti uchape mabulangete? Mtsinje uli pompo, waulere.

Ndiye palinso nyika. Chaka cha njala, ngati pambuyo pa namondwe Freddy mu 2023 minda itakwiririka ndi mchenga, amene amalowa m'dambo la Elephant Marsh kukazula nyika ndi ndani? Amayi. Madzi ofika m'chifuwa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ukufufuza ndi phazi m'matope, diso lili pa ng'ona. Anamwino akuti nkhonozo zimakhala kunsi kwa masamba a nyika omwewo. Pamenepo munthu uope ng'ona yooneka, njala ili kunyumba, kapena kachilombo kosaoneka?

Make Tamanda (Ngabu)
Achemwali mwandilankhulira. Mng'ono wangayo anazula nyika miyezi itatu chaka chimenecho.

Mnyamata wa Kabaza (Dyeratu)
Pepani kulowerera akuluakulu, pali amene akudziwa ngati msewu wa ku Thabwa kupita ku Fatima ukudutsika? Ndili ndi kasitomala mawa.

Aphunzitsi (Makhanga)
Ukudutsika aise, koma fumbi lokhalokha. Tsono khala pompo umve, mawa udzakwatira.

Wophunzira za Mthirira (Chikwawa)
Ndakhala ndikungowerenga, koma nkhani ya madziyi yandikhudza chifukwa ndi zomwe ndikuphunzira. Tonse tikudikira ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala opitirira 40,000 mpaka kukafika cha ku Bangula. Ine ndimaifuna ndi mtima wonse. Koma tamvani zomwe zinachitika ku Senegal. Mu 1986 anamaliza damu la Diama pafupi ndi pomwe mtsinje wa Senegal umathira m'nyanja, kuti madzi amchere asamakwere kumtunda, anthu azilima mpunga ndi nzimbe. Zinatheka. Koma pasanathe zaka zambiri tauni ya Richard Toll, ya nzimbe ngati Nchalo wathuyu, inagwidwa ndi mliri wa likodzo la m'matumbo umene kunalibe kale, mpaka anthu ochuluka a m'tauniyo anapezeka nalo. Madzi anasanduka odekha ndi opanda mchere, udzu wa m'madzi unachuluka, nkhono zinaswana. Komanso kunali tinyama tina ta m'madzi, ta mtundu wa nkhanu, timene tinkadya nkhonozo. Timaswanira kumadzi amchere n'kumakwera mtsinje, ndiye damu linatitsekera njira.

Walira mvula walira matope. Madzi akubwera, tikonzekere matope ake.

Mlimi wa Thonje (Ngabu)
Achimwene, inu ana asukulu mumandidabwitsa. Takhala tikulira ngalande imeneyi kuyambira nthawi ya makolo athu. Mvula kuno ikagwa imakokolola, ikapanda kugwa mapira amapserera. Chaka ndi chaka tili pamzere wa chimanga cha thandizo ngati ana amasiye, pomwe Shire akudutsa pakhomo kupita ku Zambezi. Namondwe Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale 2022 tinalira kuti ntchito yabwerera m'mbuyo. Lero mukutiopseza ndi nkhono? Likodzo lili kale m'mudzi popanda ngalandeyo. Bola kudwala uli wokhuta, piritsi umwa.

Wophunzira za Mthirira (Chikwawa)
Bambo, sindinati ngalande iime. Ndikuti zina zimatchipa ukaziganizira madzi asanafike. Nkhono sizikonda madzi othamanga, sizikonda ngalande ya simenti yopanda udzu. Pomwe zimaswana ndi m'tingalande ting'onoting'ono ta dothi topita m'minda, m'maenje momwe anakumba dothi n'kusiya madzi atadikha, ndi m'ngalande zotayira madzi zimene palibe amazisamala. Zimenezo zidzakhala m'manja mwa alimi eni ake m'makopaletivi awo, osati mwa mainjiniya. Kulambula udzu, kuumitsa tingalande nthawi ndi nthawi, kumanga zimbudzi kumunda komweko kuti anthu asamakodze m'madzi, ndi malo ochapira a simenti okhala ndi mpope pafupi ndi mudzi. Mukapanda kumanga pochapira, amayi adzachapa m'ngalandemo, ndipo palibe chikwangwani chimene chidzawaletse.

Nachisale (Bangula)
“Piritsi umwa.” A Mlimi wa Thonje, mwawerenga zomwe zachitikira mng'ono wa Make Tamanda? Zaka zitatu, banja kutsala pang'ono kutha, piritsilo asanalione. Ndipo m'makomiti a mthirira amenewa mudzakhala abambo okhaokha, kukambirana za feteleza ndi msika. Za pochapira adzakumbutsa ndani?

Mlimi wa Thonje (Ngabu)
Ayi mayi, pamenepo ndalankhula mothamanga, pepani. Koma ngalande yokhayo ibwere.

Namwino Wopuma (East Bank)
Ndipo piritsilo lili ndi malire ake. Praziquantel amapha nyongolotsi zikuluzikulu, koma mazira amene anakodwa kale m'minofu sawachotsa, ndipo timabala takalekale sitipola tonse. N'chifukwa chake akatswiri amalimbikira kuti mtsikana azilandira mankhwala kuyambira ali wamng'ono, mobwerezabwereza, zinthu zisanawonongeke. Komanso ukamwa lero n'kubwerera m'madzi omwewo mawa, umalitenganso.

Wophunzira za Mthirira (Chikwawa)
Ku Senegal komweko kunachitika china chosangalatsa chimene chinatuluka mu 2023 m'magazini ya sayansi ya Nature. Anatenga midzi 16. M'midzi ina anthu ankazula udzu wa m'madzi pamadooko pomwe amatunga ndi kuchapa, m'midzi ina anausiya. Kumene ankazulako nkhono zinachepa, ndipo ana asukulu ogwidwanso ndi likodzo la m'matumbo anali ochepa. Udzu wozulidwawo sanautaye: anapangira manyowa a kompositi ndi chakudya cha ziweto, ndipo anapeza kuti phindu lake limaposa mtengo wa ntchitoyo. Ndi mtengo wa feteleza wa masiku anowu, ine ndikuona kuti n'zoyesa.

Bambo a Yamikani (Nchalo)
Ku Senegal kuli ng'ona ngati za mu Shire? Ozula udzuwo muyambe ndinu achimwene, ife tidzakuimbirani nyimbo kumtunda kkkk.

Wophunzira za Mthirira (Chikwawa)
Kkkk mu Shire ayi. Ndikunena m'tingalande ndi m'maiwe a m'mudzi, ndi kangala wa mpini wautali, utavala majombo ndi magolovesi. Wolowamo wopanda nsapato ndiye wakadzitengera likodzolo.

Mbuya wa ku Marka
Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale. Sindinkadziwa kuti tidzachita kukhala pansi kukambirana za nkhono zenizenizo.

Make Tamanda (Ngabu)
Anamwino, funso lina. Mnzanga wina wandilembera kumbali, akuchita manyazi kulemba pano. Akuti zizindikiro zomwezi ali nazo. Akangogula mapiritsiwo ku famase amwe?

Namwino Wopuma (East Bank)
Ayi, chonde, asadzichize yekha. Apa ndiye ndilimbe mawu. Kutaya magazi pogonana ndi chizindikironso cha khansa ya khomo la chiberekero, ndipo Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Chiwerengero cha 2020 chinkaonetsa amayi opitirira 4,000 opezeka nayo pachaka, ndipo pafupifupi 2,900 omwalira. Matenda opatsirana pogonana nawonso alipodi, sitikuwakana. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi ziwiri kapena zonse zitatu. Ndiye apite akayezetse khomo la chiberekero, kuyeza kwa viniga kuja, ndi mphindi zochepa chabe. Ali pabedi pomwepo awauze anamwino kuti, “Ine ndimachapa kumtsinje, ndimalowa m'dambo, mundionerenso za likodzo.” Anene yekha, asadikire kufunsidwa. Timabala ta likodzo timatha kumusokoneza woyeza, n'kuganiza kuti ndi chiyambi cha khansa, kapena kungotidutsa osatizindikira. WHO inatulutsa kabuku ka zithunzi mu 2015 kothandiza azachipatala kusiyanitsa, ndipo ndikanakonda kakanakhala pa tebulo la chipinda chilichonse choyezera amayi kuchigwa kuno. Adziwenso kuti mkodzo ukhoza kutuluka wopanda mazira pomwe kuchiberekero alipo.

Za manyazizo, akatswiri akuziganizira. Ku Livingstone m'dziko la Zambia anayesa kupatsa amayi kathonje ka pakamtengo kuti adzitenge okha chikazi kunyumba, n'kukayeza ku labu. Amayi ambiri anaikonda njira imeneyi kuposa kukagona pabedi la kuchipatala.

Aphunzitsi (Makhanga)
Poti mwatchula khansa. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, anayamba m'dziko muno mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Tsiku la katemera kusukulu kwathu atsikana ena sabwera, makolo amawabisa kumunda, akuti katemerayo ndi woumitsa chiberekero. Lero ndaphunzira kuti choumitsa chiberekero chenicheni chili kudooko komwe amawatuma kukatsuka mbale. Tsiku la mankhwala a likodzonso n'chimodzimodzi, amathawa, akuti amachititsa chizungulire.

Mlangizi wa Zaumoyo (Nsanje)
Chizungulirecho n'choona aphunzitsi, makamaka mwana akamwa ndi njala, kapena akakhala ndi nyongolotsi zambiri. N'chifukwa chake timapempha kuti adye kaye, ngakhale phala kapena mbatata. Chimatha tsiku lomwelo. Koma m'miyezi ya njala mwana wabwera osadya chilichonse, ndiye akasanza mmodzi, mawa kalasi yonse kulibe.

Za HPV, kafukufuku wa ku Kenya anapeza kuti jakisoni mmodzi yekha amateteza atsikana opitirira 97 mwa 100 alionse ku mitundu iwiri ya kachilomboka imene imayambitsa khansa kwambiri, ndipo kumapeto kwa 2022 WHO inavomereza kuti mayiko akhoza kumabaya kamodzi. Kwa ife oyenda panjinga kusakasaka mtsikana amene anasamukira kumsasa madzi atasefukira, imeneyo ndi nkhani yaikulu.

Pa likodzo, malangizo a WHO a 2022 amati kumadera kumene lafala, mankhwala azifika kwa onse kuyambira zaka 2, akuluakulu omwe, oyamwitsa, ngakhale oyembekezera amene apitirira miyezi itatu yoyambirira. Kwabweranso kapiritsi katsopano ka tiana ta miyezi 3 mpaka zaka 6, kotchedwa arpraziquantel, kosungunuka m'kamwa kapena m'madzi ndiponso kosawawa ngati lalikulu lija. Akatswiri oona za mankhwala ku Ulaya anakavomereza mu Disembala 2023.

Bambo a Yamikani (Nchalo)
Funso la ife abambo, poti ndinayamba ndi kuseka. Amene tinkakodza magazi kalekale tija, zinathera pomwepo?

Namwino Wopuma (East Bank)
Osati nthawi zonse bambo. Ku Mangochi anayeza asodzi n'kupeza mazira a likodzo mu umuna. Ena amaona magazi mu umuna, ena amamva kupweteka. Likakhalitsa osachizidwa limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo limayambitsa khansa ya chikhodzodzo. Koma chimodzi chimveke: likodzo sapatsirana pamphasa. Mwamuna ndi mkazi akapezeka nalo onse, ndiye kuti onse analowa m'madzi.

Nachisale (Bangula)
Chiganizo chomalizachi wina achitumize kwa alamu ake a Make Tamanda.

Make Tamanda (Ngabu)
Ndatumiza kale kkkk, ndi mawu onse a anamwino. Aona, timizere tabiriwira, koma sanayankhe. Nanga pakadali pano mwanayu azichita bwanji, poti mtsinje ndi womwewo?

Mlangizi wa Zaumoyo (Nsanje)
Tizilombo toboola khungu tija tikatuluka mu nkhono sitikhalitsa. Madzi akatungidwa n'kukhala mumgolo masiku awiri athunthu, mulibe nkhono, timafa tokha, ndipo akhoza kusamba ndi kuchapira. Akafuna msanga awatenthetse mpaka atenthe kwambiri, n'kuwasiya azizire. Potunga asalowe n'kuima m'madzi, atungire pamtunda ndi ndowa ya chingwe ngati malo alola, ndipo mwana asamukhazike m'madzi ongotungidwa kumene. Koma akumwa ndi nkhani ina, amenewo athire kolorini kapena awiritse. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje anali mwa maboma oyamba kugwidwa.

Nachisale (Bangula)
Ndiye pafunika migolo iwiri, wina ukugwira ntchito wina ukudikira masiku ake. Ndipo wotunga madzi odzaza migolo iwiri ndi mayi yemweyo. Abambo a njinga ndi ngolo, apa ndiye pofunika inu.

Make Tamanda (Ngabu)
Mwadzuka bwanji nonse. Alamu anga anaimba usiku. Kupepesa sanapepese, mukuwadziwa amuna a kwathu, anangofunsa kuti migoloyo ikugulitsidwa bwanji ku Ngabu kuno, ndiponso ngati kuchipatala amayeza abambo tsiku lililonse kapena pali tsiku lake. Mng'ono wanga apita Lachinayi kukayezetsa za viniga zija, ndipo mnzanga wamanyazi uja akuti apitira limodzi ndi ine sabata yamawa. Mgolo umodzi ndili nawo wa pulasitiki wabuluu, unali wa thobwa la pa ukwati. Pali amene akutsikira ku Nsanje sabata ino andinyamulireko mpaka kwa Tengani?

Mnyamata wa Kabaza (Dyeratu)
Amayi, Loweruka ndikupita ku Bangula ndi njinga yamoto, kwa Tengani ndikafikako. Muutsuke kaye, fungo la thobwa lingandiitanire njuchi m'njira. Mafuta okha mundiganizire.